Phata ndi zowonjezera: mmene tinagawira pulogalamu ya amalonda a nsomba ku Mangochi

Lipoti ili likufotokoza chigamulo chimene ine ndi mnzanga tinapanga pa pulogalamu ya pa foni imene timaisamalira kuno ku Mangochi, komanso cholakwa chimene ndinachita tisanafike pa chigamulocho. Pulogalamuyi ndi ya mafoni a Android, imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo imasunga zolembedwa zonse m'foni momwemo pogwiritsa ntchito SQLite, kachida kosungira zolembedwa m'makaundula. Oigwiritsa ntchito ndi amayi ndi abambo amene amaoda usipa, utaka ndi kambuzi m'madoko a nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, kuyanika pa thandala, n'kukagulitsa ku Limbe, ku Lilongwe kapena m'misika ya kumtunda monga wa ku Namwera. Ambiri mwa iwo ankalemba kale m'makope, ndipo kope likanyowa kapena kusowa, ngongole zinkapita nalo limodzi.

Itangoyamba, pulogalamuyi inali ndi masamba atatu okha: la zogula, la zogulitsa ndi la ngongole. Koma munthu wolembera pulogalamu anthu amene amakumana nawo pamsika tsiku ndi tsiku sasowa zopempha, ndipo kukana kumavuta chifukwa wopemphayo umamudziwa ndi kwawo komwe. Wina anapempha kuti azisindikiza malisiti, wina kuti azilemba malonda a m'metikali, ndalama ya ku Mozambique, wina kuti izimuwerengera zakaat, chopereka cha pachaka cha Asilamu, ndipo ife tinkangothira chilichonse m'chigoba chimodzi chomwecho. Patapita zaka zingapo zotsatira zake zinaonekera. Fayilo inakula, moti pa mafoni otsika mtengo, amene amakhala atadzaza kale ndi zithunzi ndi mavidiyo a pa WhatsApp, ena ankaichotsa kuti apeze malo. Mndandanda wa zosankha unatalika mpaka mayi wofuna kungolemba ndowa ziwiri za usipa ankayamba wadutsa zinthu zimene sanazikhudzepo n'kamodzi komwe. Kwa ifenso, kutulutsa mtundu watsopano kunasanduka ntchito ya masabata, pakuti tikakonza malo amodzi tinkayenera kuyesanso zonse, kuphatikizapo zigawo zimene sitinkadziwa ngati alipo amene akuzigwiritsabe ntchito.

Motero tinakhala pansi kuti tione zimene ziyenera kukhala m'phata, ndiye kuti mbali ya pulogalamu imene aliyense amalandira, ndi zimene zichoke zikhale zowonjezera, zija olemba mapulogalamu amati ma plugin, zoti munthu aziika yekha akazifuna. Zimene tinkazikayikira zinali zinayi: kubwezeretsa zolembedwa kuchokera pa memori khadi, malonda a m'metikali, kusindikiza malisiti, ndi kuwerengera zakaat.

Mnzanga anabwera ndi mfundo zolimba, ndipo ndiyenera kuzilemba mwachilungamo chifukwa zambiri mwa izo ndikugwirizana nazo mpaka lero. Anakumbutsa kuti osamalira WordPress, pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti, analemba poyera kuti chinthu chiyenera kukhala m'phata ngati anthu 80 mwa 100 alionse angachigwiritse ntchito, ndipo zotsala azisiyire zowonjezera. Anatchulanso Python, chinenero cha makompyuta chimene kwa zaka zambiri chinkadziwika ndi kubwera ndi zida zonse, koma m'mtundu wa 3.13, umene unatuluka mu Okutobala 2024, chinachotsa zigawo zakale 19, monga cgi ndi telnetlib, zimene zinali zitatha ntchito ndipo zinkangolemetsa ozisamalira. Mfundo imene inandigwira kwambiri inali ya chitetezo. Mu Disembala 2021 makampani ndi maboma padziko lonse anatekeseka ndi vuto la Log4j, kachida kolembera zochitika m'mapulogalamu olembedwa m'chinenero cha Java, ndipo khomo limene akuba ankalowera linali kagawo kotchedwa JNDI lookup, kamene anthu ochepa kwambiri ankakafuna koma kanali kotsegula kwa aliyense amene anaika Log4j. Mnzangayo ankati khodi (malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu) imene munthu sakuigwiritsa ntchito ikakhala m'foni mwake, zolakwika zakenso zili m'foni mwake, ndipo pamenepa ndinalibe chomutsutsa nacho.

Kuti tisamangoganizira, tinafuna kudziwa kuti gawo lililonse limatsegulidwa kangati. Popeza pulogalamu yathu situmiza kalikonse kunja kwa foni, tinaikamo kowerengera kakang'ono kosunga chiwerengero m'foni momwemo, ndipo patapita miyezi iwiri tinayenda m'madoko, cha ku Monkey Bay, ku Malindi ndi m'mbali mwa Malombe, kupempha eni mafoni kuti atilole kuona. Zimene tinapeza zinkaoneka ngati zathetsa nkhani. Osindikiza malisiti anali ochepa, makamaka amene amaperekera nsomba m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. A metikali anali ochepa kuposa pamenepo. Zakaat panalibe amene anaitsegula, ndipo kubwezeretsa kunali pafupifupi chimodzimodzi. Tikanatsata chiwerengero chokha, zinayi zonsezo zikanachoka tsiku lomwelo.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti tinawerenga m'miyezi ya mwera, pamene nyanja imakalipa, asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi, ndipo malonda onse amachepa. Mwezi wa Ramadan, pamene Asilamu ambiri amapereka zakaat, unali utadutsa kale. Chiwerengerocho chinkatiuza kuti chinthu chatsegulidwa kangati, koma sichinkatiuza kuti munthu amachitsegula pa tsiku lotani, kapena kuti akachisowa tsikulo amataya chiyani.

Panalinso nkhani ya mmene pulogalamu imayendera kuno, imene zitsanzo za mnzanga sizinkaikhudza. Kwa munthu wa WordPress, chowonjezera chili pafupi: amangodina, n'kuchipeza m'kanthawi kochepa. Google Play nayonso ili ndi njira yoti gawo la pulogalamu lizitsitsidwa pokhapokha munthu akalifuna, ndipo kuyambira mu Ogasiti 2021 mapulogalamu atsopano amaikidwa kumeneko ngati App Bundle, imene imagawidwa m'tizidutswa malinga ndi foni. Koma anthu athu ambiri sanatenge pulogalamuyi pa Google Play. Anaipeza kwa mnzawo pa doko kudzera pa Bluetooth kapena Xender, kapena anawaikira mnyamata wotchaja mafoni pa msika. N'chifukwa chake timaitulutsa ngati fayilo imodzi yathunthu, pakuti pulogalamu yogawidwa m'tizidutswa ikasamutsidwa theka lokha siigwira ntchito bwino. Kwa ife, tsono, chowonjezera chinkatanthauza fayilo yachiwiri, imene munthu ayenera kudziwa kuti ilipo, kupeza amene ali nayo, kapena kugula bandulo ndi kukwera pa chulu kufuna netiweki. Ngakhale zinali choncho, tinagwirizana kuyamba ndi ziwiri zimene zinkaoneka zosavuta, metikali ndi malisiti, ndipo tinazitulutsa m'phata. Zina ziwirizo tinati tiziona pambuyo pake.

Nkhani ya kubwezeretsa inatha ndi zimene ndinaona pa doko lina m'mawa wina, maboti a chilimira atangokocheza. Mayi wina amene ndimawadziwa anandiitana ali ndi foni ya mwana wawo m'manja. Yawo inali itagwera m'madzi dzulo lake pamene ankalowa mpaka m'mawondo kulimbirana usipa, ndipo sinayakenso. Anali atachotsamo memori khadi, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. Anamasula mfundoyo n'kunena kuti, "Achimwene, ndalama zanga zili mwa anthu, ndipo mayina awo ali m'kakhadi aka." Pulogalamu anali ataitenga kale kwa mnzawo, koma bandulo analibe, ndipo pamalopo netiweki inkabwera n'kumapita. Tinalowetsa khadiyo, ndinawasonyeza pamene panabisala batani lobwezeretsa, ndipo mndandanda wa ngongole unabwerera. Anayamba kuwerenga mayinawo mokweza, limodzi ndi limodzi, akugwedeza mutu pa lililonse. M'chiwerengero chathu mayiwa anali m'gulu la anthu amene sanakhudzepo gawoli. Chikhala kuti tinali titalichotsa, akanaima pa mchenga ndi khadi yodzaza ndi mayina koma yosatheka kuiwerenga. Nditamufotokozera mnzanga sanatsutse, ndipo ndi iye amene ananena kuti batanilo tilichotse kumene linabisala, lizioneka patsamba loyamba pulogalamu ikangoikidwa kumene m'foni.

Cholakwa chachikulu chinali pa metikali, ndipo ndiyenera kuchifotokoza bwino chifukwa ndi chimene chinasintha kaganizidwe kathu. Pochotsa gawoli m'phata, ndinalikonza motere: chowonjezeracho chikalemba malonda, chinkaika nambala ya mtengo m'kaundula yemweyo wa phata, ndipo mawu oti ndalamayi ndi metikali chinkawasunga m'kaundula wakewake. Pa foni imene inali ndi chowonjezera zonse zinkaoneka bwino, chifukwa chinkaphatikiza makaundula awiriwo n'kusonyeza ndalama yoyenera. Ndinayesa pa foni yotero kambirimbiri. Sindinayese kutsegula zolembedwa zomwezo pa foni yopanda chowonjezera, poganiza kuti wolemba m'metikali ndi amene adzaziwerenga.

Bambo wina amatenga usipa wouma kudutsa pa Chiponde kukagulitsa ku Mandimba, m'dziko la Mozambique, ndipo ena mwa makasitomala ake amatenga pa ngongole. Amene amasunga mabuku ndi akazi awo, kunyumba. Bamboyo akabwerera amasamutsira zolembedwa pa foni ya mayi, imene inali ndi phata lokha. Phatalo linaona nambala 3,000 ndipo linaiwerenga monga limawerengera nambala iliyonse, ngati K3,000. Metikali imodzi ndi makwacha oposa 20, choncho katundu wa ndalama zambiri anaoneka ngati waperekedwa pa mtengo wa mulu wa pamsika, ndipo chiwerengero cha mwezi wonse chinasonyeza kuti banjalo laluza. Mayiwo anafunsa kumene kwapita ndalama, bambo analephera kufotokoza chifukwa pa foni yawo zinkaoneka zolondola, ndipo panyumba panakhala mawu kwa masiku angapo. Atandipeza anaika mafoni awiriwo pa tebulo n'kunena modekha kuti, "Achimwene, tandiuzeni yonama ndi iti pamenepa, chifukwa kunyumba akuti wonama ndine." Ndinaona vutolo nthawi yomweyo, ndipo ndinapita nawo kunyumba kwawo kukafotokozera mayiwo kuti cholakwa chinali changa.

Chimene chinandiwawa n'chakuti pulogalamu sinaime kapena kudandaula. Ikanakana kutsegula fayiloyo, banjalo likanadziwa kuti pali vuto la makina. M'malo mwake inapereka yankho lolakwika mwaudongo, ndipo anthu anaikhulupirira kuposa mmene anakhulupirirana okha.

Titaunika tinaona kuti funso lathu linali lolakwika kuyambira pachiyambi. Tinkafunsa ngati metikali ikhale mkati kapena kunja, ngati kuti ndi chinthu chimodzi, pamene munali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi tanthauzo la nambala: ndalama iliyonse yolembedwa iyenera kunyamula chizindikiro cha mtundu wake, ndipo chimenechi sichingakhale kunja kwa phata ngakhale atakhala munthu mmodzi yekha amene amachifuna, chifukwa zolembedwa zimayenda kuchoka foni ina kupita ina. Chachiwiri ndi tsamba lolowetsera mtengo wosinthira ndalama ndi kuwerengera, limene ambiri salifuna. Tinadula pakati pa ziwirizi. Tsopano mzere uliwonse m'kaundula wa phata uli ndi malo a mtundu wa ndalama komanso a mtengo wosinthira wa tsiku limene malondawo anachitika. Malo achiwiriwa ndi ofunika chifukwa kwacha siikhazikika: inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngongole yakale ikawerengedwa ndi mtengo wa lero imasintha phindu la mwezi umene unatsekedwa kale. Phata silimaphatikiza ndalama za mitundu iwiri. Likazipeza limazisonyeza padera, n'kulemba poyera kuti izi ndi metikali.

Kukonza zolembedwa zimene zinali zitaonongeka kale kunatitengera nthawi yaitali kuposa kulemba khodi yatsopanoyo. Pamene kaundula wa chowonjezera analipobe, pulogalamu inadzikonzera yokha. Pamene fayilo inali itadutsa kale m'foni yopanda chowonjezera n'kusungidwanso, chizindikiro chinali chitatayika, ndipo tinakhala ndi eni ake kumadutsa mzere ndi mzere, iwo akukumbukira kuti uyu anali wa ku Mandimba, uyu wa ku Namwera. Kuchokera pamenepo tinaika lamulo lakuti chowonjezera chilichonse chikhoza kuwerenga kaundula, koma polemba chizidzera pa khomo la phata, ndipo mtundu uliwonse watsopano tisanautulutse timatsegula zolembedwa zake pa foni imene ilibe chowonjezera n'chimodzi chomwe.

Za malisiti mnzanga analondola kwathunthu, ndipo zinakhala kunja. Timakina tosindikiza timene anthu amagula, ta pepala la mamilimita 58, timalankhula kudzera pa Bluetooth m'chinenero cha ESC/POS, koma kalikonse kali ndi khalidwe lakelake, ndipo kuti tigwire ntchito tinkadalira khodi yolembedwa ndi anthu ena, imene inali mbali yaikulu ya kulemera kwa fayilo yathu. Komanso pa mafoni a Android akale, asanafike mtundu wa 12, kufufuza chipangizo cha Bluetooth kunkafuna chilolezo chodziwa pamene munthu ali, ndipo amayi ena ankafunsa, mwanzeru ndithu, chifukwa chimene buku la ngongole likufunira kudziwa kumene iwo ali. Gawoli limangowerenga zolembedwa, silisintha kanthu, ndipo wolisowa amalemba lisiti pamanja. Amene amagula kamakinako ndi anthu oti fayilo yachiwiri angaipeze.

Zakaat ndi imene inatiphunzitsa kuti pakati pa mkati ndi kunja pali malo ena. M'boma lino Asilamu ndi ambiri, ndipo wamalonda amene chuma chake chafika pa mlingo woyenera n'kutha chaka amapereka 2.5 peresenti. Gawoli limatsegulidwa kamodzi pa chaka, koma olifuna si ochepa, ndipo kuwauza kuti akafunefune fayilo ina m'kati mwa Ramadan kukanakhala kuwalanda chinthu chimene anachizolowera. Khodi yake ndi yaing'ono, ndi masamu chabe, ndipo siidalira za anthu ena. Komabe sindinafune kuti lizioneka kwa aliyense ngati kuti ndi mawu a pulogalamu, pakuti mashehe amasiyana pa nkhani zina, monga mmene angawerengere ngongole imene mwini sakuyembekeza kuti ibwezedwa, ndipo wolemba khodi alibe udindo wogamula zimenezo. Tinatengera zimene WordPress inachita mu Disembala 2012 potulutsa mtundu wa 3.5: gawo lake losungira maulalo linabisidwa kwa oyamba kumene, khodi inatsala m'kati, ndipo wolifuna ankaliyatsa poika kachowonjezera kakang'ono. Ifenso zakaat imabwera m'fayilo yomweyo koma yozimitsa. Woiyatsa amasankha yekha ngongole zimene ziwerengedwe, ndipo patsambalo tinalembapo kuti chiwerengerocho akachionetse kwa a shehe awo. Tsamba losinthira metikali nalonso tinaliika m'gulu lomweli, ndipo fayilo yake yachiwiri tinaithetsa.

Pali mtengo umodzi umene sitinauwerengere pachiyambi, ndipo ndikufuna anzanga olemba mapulogalamu ang'onoang'ono aumve. Tinkaganiza kuti kutulutsa chinthu m'phata kumachepetsa ntchito, koma chowonjezera chimafuna khomo lolumikizirana ndi phata, ndipo khomolo likakhalapo sungalisinthe mmene wafunira. Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, itasintha njira ya zowonjezera zake m'mtundu wa 57, mu Novembala 2017, zakale zambiri zinasiya kugwira ntchito, ndipo opanga Firefox ndi anthu okhala ndi antchito ambiri komanso njira yofikira aliyense pa intaneti. Kuno foni ina ili ndi phata la chaka chino ndi chowonjezera cha chaka chatha, ina ili ndi zosiyana ndi zimenezo, ndipo palibe njira yowauzira onse nthawi imodzi. Pa chowonjezera chimodzi chokha chimene chatsala, cha malisiti, tinachita kulemba kuti chikayamba chizifunsa phata mtundu wake, ndipo zikapanda kugwirizana chizikana kugwira ntchito n'kunena chifukwa chake m'Chichewa chomveka. Anthu awiri sitingathe kusamalira makomo ambiri otere, n'chifukwa chake sindifulumiranso kunena kuti chinthu chipite kunja.

Pempho latsopano likabwera masiku ano, chiwerengero cha olifuna timachiona komaliza. Timayamba tafunsa ngati chinthucho chikusintha tanthauzo la zolembedwa, kenako ngati chimafunika pa tsiku limene munthu ali pamavuto ndipo alibe intaneti, kenako ngati chikubwera ndi khodi ya anthu ena kapena chilolezo chatsopano. Mwezi watha mwini boti wina anapempha tsamba logawira ndalama za usiku umodzi pakati pa iye ndi alovi ake atachotsa za mafuta, komanso lolembera ndalama zimene amawabwereka nyanja ikakalipa. Ndalama zobwerekazo tazilemba ngati ngongole wamba m'kaundula wa phata, kuti foni iliyonse iziwerenge molondola. Tsamba logawira lidzabwera lozimitsa, chifukwa kagawidwe kamasiyana boti ndi boti, ndipo tiyamba kuliyesa ndi eni maboti atatu a pa doko limodzi, aliyense ndi foni yachiwiri ya munthu wa kunyumba kwake.